Andipeza ndi mawanga oyera pa khomo la chiberekero, ndathawa osalandira thandizo

Gulu la WhatsApp: Amayi a Banki M'khonde, Tikondane

NaPhiri: Amayi anzanga, pepani ndalemba usiku chonchi, tulo sitikubwera. Lachiwiri ndinapita kukabayitsa jakisoni wolera, ndiye anamwino anati amene sanayezetsepo khomo la chiberekero alowe chipinda chinacho. Ndinalowa. Atandiona anati pali mawanga oyera, ndidikire panja andiwotche tsiku lomwelo. Nditangomva zoti kuwotcha miyendo inazizira, ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi osabwereranso. Buku langa la kuchipatala ndinalisiya komweko. Bambo a kunyumba sindinawauze. Kodi ndiye kuti ndili ndi khansa? Ana anga atatu onse adakali ku pulayimale.

Make Tadala: Mayo NaPhiri, masiku atatu onsewa muli chete? Dzulo tinali limodzi, osanena kanthu.

NaPhiri: Ndikanayambira pati asisi. Pakamwa panalemera.

Make Tadala: A Nangozo muli maso? Bwerani kuno, nkhaniyi ndi yanu.

Nangozo (namwino): Ndili pa ntchito ya usiku, ndaona. NaPhiri, pumani kaye mtima ukhale m'malo. Mawanga oyera aja si khansa. Ndibwerezenso: si khansa. Chimene anachita anzanga aja ndi kupaka viniga pa khomo la chiberekero n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha chifukwa cha kachilombo ka HPV amasanduka oyera. Ife timati VIA positive. Malo amenewo akasiyidwa zaka zambiri ndi amene angadzasanduke khansa, ndipo n'chifukwa chake timawachotsa asanafike kumeneko. Akanakhala kuti akukayikira khansa yeniyeni sakanakuuzani zowotcha, akanakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu kuti akadule kanyama kakang'ono kokapima. Zoti anafuna kukuthandizani pompo zikusonyeza kuti anaona kanthu kakang'ono kotheka kuthana nako tsiku limodzi.

NaPhiri: Nanga kuwotchako amawotcha ndi chiyani? Ine m'mutu mwanga munabwera moto, kuti chiberekero chipsa, sindidzaberekanso.

Nangozo (namwino): Mawu oti kuwotcha ndi amene amatithawitsira amayi ambiri, ndipo ifenso anamwino timalakwa kuwatchula osafotokoza. Palibe lawi la moto. Ndi kachipangizo kokhala ndi kansonga kozungulira ngati batani la malaya, kamatenthedwa ndi magetsi kapena batire. Timakagunditsa pa malo oyera aja kwa masekondi osakwana mphindi imodzi, nthawi zina kawiri kapena katatu malo akakhala otambalala. Mumamva kupotokola m'munsi mwa mchombo ngati kwa msambo, basi. Sitibaya jakisoni wogonetsa, ndipo mumadzuka n'kuyenda nokha kupita kwanu. Chiberekero sitichikhudza, timangokhudza khungu la pakhomo pake. Amayi ambiri amene tinawathandiza anadzabwera ku sikelo ali oyembekezera. Kale tinkagwiritsa ntchito mpweya wozizira kwambiri wa m'masilinda, koma mpweyawo unkatha n'kukhala miyezi osabwera. Chipatala cha Nkhoma ndi chimene chinatsogola kusonyeza kuti kachipangizo kotentha aka kamagwira bwino ntchito kuno kwathu, mothandizana ndi anzawo a ku Scotland, ndipo pano kafika m'zipatala zambiri.

Agogo a Dalitso: Mwana wanga NaPhiri, ndadzuka kuti ndipemphere ndiye ndapeza nkhani yako. Ndikuuze za mng'ono wanga amene tinamuika m'manda zaka zisanu zapitazo. Iye anayamba kutaya magazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Anabisa chaka chathunthu. Kenako kunayamba kutuluka madzi onunkha, moti ankakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, mapeto ake anasiya kupita. Kumudzi anati ndi mauka, anapita naye kwa mayi wina kukadula. Ena anati wamulodza mkazi mnzake, tinagulitsa mbuzi ziwiri kupereka kwa asing'anga. Pamene tinkafika naye ku chipatala chachikulu, madokotala anatiitanira pambali n'kutiuza kuti yafalikira mpaka kuchikhodzodzo, opaleshoni sikutheka. Anatipatsa mankhwala amadzi opha ululu aja, morphine, n'kubwerera kumudzi. Ndinamusamalira ndekha miyezi isanu ndi iwiri, kuchapa nsanza usiku ndi usana. Anali ndi zaka 43. Iyeyo mwayi umene wauthawa iwewu sanaupeze. Palibe anamuuzapo kuti pali kuyezetsa munthu usanadwale. Bwerera mwana wanga, ndakugwira mwendo.

NaPhiri: Agogo mwandiliza.

Make Tadala: Pepani agogo. Ine maliro aja ndinabwera koma sindinkadziwa kuti inali nthenda imeneyi, tinangomva kuti anadwala m'mimba.

Agogo a Dalitso: Ndi mmene tinkanenera. Tinkachita manyazi kutchula malo ake.

Nachisale: Mwadzuka bwanji nonse. Ndawerenga zonse. Ine ndinene zoona, sindinayezetsepo ndipo ndili ndi zaka 38. Sindikumva kupweteka paliponse, msambo ukuyenda bwino, ndiye ndikafune chiyani kumeneko? Kukafukula nthenda imene yagona? Komanso chitsulo chija amalowetsa anthu amati chimapweteka, ena amati chimatambasula njira mpaka abambo amadandaula.

Nangozo (namwino): A Nachisale, mwachita bwino kunena poyera chifukwa amayi ambiri amaganiza chomwecho, amangosowa ponenera. Vuto la nthendayi ndi loti pamene imatheka kuchizika mosavuta ndi pamene siimveka. Kachilombo ka HPV kamalowa pogonana, ndipo pafupifupi aliyense amene anagonanapo amakumana nako nthawi ina pa moyo wake. Mwa anthu ambiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Mwa ena kamakhazikika n'kumasintha khungu la pakhomo pang'onopang'ono, zaka 15 mpaka 20, popanda ululu, popanda magazi, popanda chizindikiro chilichonse. Ululu ukamayamba, nthenda imakhala yapita kale patali. Ndiye amene sakumva kalikonse ngati inuyo ndi amene tikumufuna. Boma limati mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 aziyezetsa, ndipo m'zipatala za boma ndi ulere.

Za chitsulo: chimaoneka ngati mlomo wa bakha, ntchito yake ndi kutsegula pang'ono kuti tione khomo, chifukwa lili mkati. Chimazizira, ndipo ukaumitsa thupi umachimva. Ukapuma mozama n'kumasuka, mphindi zochepa zatha. Njira imene inadutsa mutu wa mwana singatambasuke ndi kachitsulo kameneko.

Make Tadala: Ine ndinayezetsa kawiri. Sindinama kuti n'zokoma, koma poyerekeza ndi kubereka si kanthu. Chimene chinandivuta ine ulendo woyamba n'choti woyeza anali mwamuna, mnyamata woti ndingamubereke. Ndinatsala pang'ono kubwerera.

Aphunzitsi NaMwale: Apo mwakhudza pamene pamandiwawa. Ine ndinapita kwathu kuja pa chipatala chaching'ono, ndinapempha tchuthi kwa ahedi, ndinalipira kabaza kupita ndi kubwera. Ndafika akuti woyeza wapita ku maphunziro, mubwere sabata ya mawa. Ndabwerera sabata inayo akuti viniga watha. Viniga amene amagulitsidwa pa golosale! Ulendo wachitatu ndinapeza mzere wa amayi pafupifupi makumi atatu, zitsulo zophitsa zilipo zochepa, anayeza khumi n'kutiuza enafe kuti zida zatha. Ndiye tikamati amayi safuna kuyezetsa tizionanso mbali iyi. Ine ndili pa malipiro, ndinakwanitsa maulendo anayi. Mayi wogulitsa tomato amene akatseka benchi tsiku limodzi ana agona ndi njala, angabwerere kanayi?

Nangozo (namwino): Aphunzitsi, sindikutsutsani ngakhale pang'ono. Zimatichitikira, ndipo zimatipweteka ifenso kubweza mayi amene wayenda mtunda wautali. Namwino mmodzi yemweyo ali ku sikelo, ali ku zolera, ali kochilitsira. Chimene ndingalangize n'choti musananyamuke mufunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti amayeza tsiku liti, chifukwa malo ambiri ali ndi masiku ake. Ndipo za woyeza wamwamuna, muli ndi ufulu kupempha wamkazi, kapena kuti mayi wina akhale nanu m'chipindamo. Musachite mantha kupempha.

Mphatso ku Joni: Moni amayi anga, ndakusowani. Kuno ku South Africa amachita zina, amati Pap smear. Amatenga timadzi pa khomopo n'kutumiza ku labu, zotsatira umakatenga pakapita milungu. Ku chipatala cha boma mayi amayezedwa ulere katatu, akafika zaka 30, 40 ndi 50, koma amene ali ndi HIV amayezedwa pafupipafupi. Vuto lake anthu ambiri sabwerera kukatenga zotsatira, makamaka ife obwera amene timasamukasamuka. Ndiye njira ya kwathuko yoti akuone lero n'kukuthandiza lero lomwe musaipeputse, ndi yabwino. NaPhiri, iwe zotsatira unazimva pompo, thandizo linali pakhomo.

NaPhiri: Ndamva zonse ndipo mantha a khansa achepako. Koma pali china chimene sindinanene. Anamwino aja asananditulutse anati ndikawotchedwa ndikhale milungu inayi osakhala malo amodzi ndi abambo. Amuna anga mukuwadziwa. Akandifunsa kuti nthenda yotengera pogonanayi ndaitenga kuti, ndiyankha chiyani? Adzati ndinayenda. Ine chikwatiwire sindinadziwepo mwamuna wina.

Mayi Wapampando: Ndimadikira kuti mufike pamenepa, chifukwa ndinadziwa kuti si kuwotcha kokha kumene kunakuthawitsani. NaPhiri, ine ndinawotchedwa mu 2021. Palibe pagulu pano amene ndinamuuza, lero ndanena chifukwa cha inu. Ndinapita nawo amuna anga ku chipatala kuti akamve okha kuchokera kwa adokotala, chifukwa mawu omwewo akachoka pakamwa pa mkazi amuna amawatenga ngati chinyengo, akachoka kwa wovala zoyera amagwedeza mutu. Adokotala anawauza kuti kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambirimbiri, munthu angakatenge asanakwatire n'komwe, ndipo amuna amakanyamula osadziwa chifukwa iwo sikawadwalitsa kawirikawiri. Palibe njira yodziwira kuti anabweretsa ndani kapena liti. Amuna anga anangoti zii. Pobwerera anandigulira Fanta panjira.

Za milungu inayi, musaiwale kuti amuna athuwa kudika amakudziwa. Mwana akabadwa amadika miyezi. Pakagwa maliro pamudzi amadika. Palibe amene anafapo. Ine ndinawauza kuti bambo, iyi ndi ngati chikuta, pali bala mkati lofunika lipole. Anamva.

Make Tadala: Amayi, zikomo potiululira. Sitikanadziwa, mmene mumathamangira ndi mabuku a gulu.

Mayi Wapampando: N'chifukwa chake ndanena. Ndili bwinobwino. Patatha chaka ndinabwerera kukaonedwanso monga anandiuzira, anati payera.

Nangozo (namwino): Amayi anena zonse. Ndingowonjezera kuti NaPhiri asadzadzidzimuke: mukathandizidwa kumatuluka madzimadzi kwa milungu ingapo, nthawi zina osakanikira timagazi pang'ono. Ndi bala likupola. Muzivala thewera kapena kansalu koyera, osalowetsa chala, nsalu kapena mankhwala a zitsamba mkati. Mukaona magazi ambiri, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba kapena fungo loipa, bwererani msanga. Ndipo ngati abambo akanitsitsa kudikira, anamwino amapereka makondomu, ngakhale kudikira ndiye kwabwino koposa.

Nachisale: Chabwino, za kuyezetsa mwandigonjetsa pang'ono. Koma pali nkhani ya katemera amene akubaya ana athu aakazi kusukulu. Mwana wanga atabwera ndi uthenga ndinamuuza kuti tsiku limenelo asapite. Bwanji akubaya atsikana okhaokha, a zaka 9, ana oti sanathe msinkhu? Anthu akuti n'cholinga choti asadzabereke. Ine mwana wanga ndi mmodzi yekha wamkazi.

Aphunzitsi NaMwale: A Nachisale, tsiku la katemera kalasi langa limakhala theka, ena amathawira m'chimanga. Makolo ambiri amaganiza ngati inu, ndipo sindikuwaweruza, chifukwa nthawi zambiri uthenga umafika dzulo lake popanda wofotokoza bwino. Koma taganizani. Katemerayu anayamba kuperekedwa moyeserera ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, dziko lonse linayamba mu Januwale 2019. Atsikana a ku Rumphi ndi Zomba aja pano ndi akuluakulu a zaka za m'ma 20. Akanakhala kuti onse sakubereka, m'maboma awiri, bwenzi nkhani ili ponseponse. Ine wanga ndinamubayitsa, ndinamugwira dzanja ndekha.

Nangozo (namwino): Chifukwa chobayira ana aang'ono n'choti katemera amateteza munthu amene sanakumane ndi kachilomboka. Sachiza amene kalowa kale. Ndiye timafuna mtsikana atetezedwe zaka zambiri asanayambe zogonana, monga timabayira wa chikuku mwana asanadwale chikuku. Mitundu iwiri ya HPV, 16 ndi 18, ndi imene imayambitsa pafupifupi khansa 7 mwa 10 zilizonse za khomo la chiberekero, ndipo katemerayu amatseka iwiri yonseyo. Atsikana ndi amene amayambira chifukwa ndi amene ali ndi khomo la chiberekero. Mayiko ena olemera monga Australia ndi Britain amabayanso anyamata. Nawonso akubaya ana awo katemera wa HPV. Ine zimene ndimaona ku wodi n'zoti chimene chimalanda mayi chiberekero ndi khansayo, chifukwa ikapezeka nthawi zambiri pamafunika kuchichotsa chonse.

Nachisale: Zoti anyamata amabayidwanso kunjako sindinkadziwa. Nanga poti anaphonya, basi mwayi wapita?

Nangozo (namwino): Pitani naye ku chipatala ndi buku lake mukafunse ku katemera, musadikire kuti abwerenso kusukulu.

Make Yamikani: Ndakhala ndikungowerenga. Ambiri mukudziwa kuti ine ndimamwa ma ARV, sindibisa. Kwathu ku kiliniki nkhani iyi amatiuza pafupifupi ulendo uliwonse, ndipo amalemba m'buku tsiku loyezetsa. Anatifotokozera kuti mayi amene ali ndi HIV mpata wodwala khansa imeneyi ndi wochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe, ndipo kwa ife imathamanga, ingatenge zaka 5 mpaka 10 zokha. Chodabwitsa n'choti ife a ma ARV ndiye tikuyezetsa kwambiri kuposa inu amene mulibe, chifukwa ife chipatala tinachizolowera. Koma zabweretsanso vuto lina: pali amayi amene amakana kuima pa mzere woyezetsa poopa kuti anthu aziti ali ndi kachilombo. Mnzanga wina anandiuza maso ndi maso kuti imeneyo ndi nthenda ya inu a ma ARV. Ayi ndithu. Mng'ono wawo wa agogo uja sitinamve kuti anali ndi HIV.

Agogo a Dalitso: Analibe. Anamuyeza kangapo konse.

Nangozo (namwino): Zikomo Make Yamikani. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi yafala kwambiri pa dziko lonse lapansi, ndipo ndi khansa imene ikupha amayi ambiri kuno kuposa ina iliyonse. Chiwerengero cha 2020 chinaonetsa amayi oposa 4,000 opezeka nayo pa chaka, ndi pafupifupi 3,000 omwalira. Mukagawa ndi masiku a chaka, ndi maliro asanu ndi atatu tsiku lililonse. Ambiri amafika mochedwa ngati mmene anenera agogo. Ku Queens ku Blantyre a bungwe la madokotala la MSF akhala akuthandiza ndi maopaleshoni ndi mankhwala kuyambira cha mu 2018, koma kwa zaka zambiri dziko lino linalibe makina owotchera khansa ndi cheza, moti odwala ochepa okha ndi amene ankatumizidwa kunja, ena onse ankangodikira. Ndikamaona mayi ngati NaPhiri amene tamupeza pa siteji ya mawanga oyera, mtima wanga umasangalala, chifukwa ameneyo sadzafika ku wodi imene ndili ino.

Agogo a Dalitso: Nanga ife amene tinasiya kusamba, a zaka 57, mwatitaya?

Nangozo (namwino): Sitinakutayeni agogo. Kungoti mayi akasiya kusamba, malo amene timayang'ana aja amalowera mkati, ndiye viniga saonetsa bwino. Pamafunika njira zina, monga Pap smear imene wanena Mphatso, kapena kuyeza kachilombo ka HPV komweko. Zipatala zina zayamba kupereka kathonje ka pa kamtengo kuti mayi adzitengere yekha timadzi kuseri, popanda chitsulo, n'kukapima pa makina. Sizinafike m'zipatala zonse, muyenera kufunsa. Koma chachikulu kwa inu ndi anzanu a msinkhu wanu ndi ichi: mayi amene anasiya kusamba akaona magazi, ngakhale kadontho, asanene kuti msambo wabwerera. Apite ku chipatala sabata yomweyo.

Agogo a Dalitso: Ndikawauza anzanga ku Mvano Lachinayi. Alipo wina amene anandinong'oneza zoterezo mwezi watha, ndinangoti mwina ndi kutopa. Ndipita kwawo lero lomwe.

Mayi Wapampando: Tsono tisangolankhula. Pagulu pano tilipo 22. Amene simunayezetsepo, kapena padutsa zaka zoposa zitatu, lembani dzina kwa ine kumbali ngati simufuna kulemba pano. Ndikupempha kuti ndalama ya thumba la zadzidzidzi tichotsepo ya mayendedwe, tikambirana Loweruka poponya masheya. Thumba lija timalitsegula pa maliro okhaokha, ulendo uno tilitsegule anthu ali moyo. A Nangozo mutifufuzire tsiku limene woyeza alipo ndiponso zida zilipo zokwanira, kuti zisatichitikire za aphunzitsi.

Nangozo (namwino): Ndifunsa ndikaweruka. Ndipempha kuti atigawe magulu awiri, chifukwa zitsulo zophitsa sizingakwane anthu ambiri tsiku limodzi. Amene ali kumwezi tsikulo adzapite ndi gulu lachiwiri. Amene ali oyembekezera anene, awo timawaona mwa njira ina.

Nachisale: Ndilembeni. Koma ndikalowe ndi Make Tadala.

Make Tadala: Ndidzakugwirani dzanja asisi.

Aphunzitsi NaMwale: Ine ndiyankhula ndi ahedi kuti pa msonkhano wa makolo wotsatira tiitane namwino adzafotokoze za katemera, abambo alipo. Amene amaletsa ana nthawi zambiri ndi abambo.

NaPhiri: Amayi, ine sindidikira Loweruka. Ndawauza bambo a Chisomo m'mawa uno tikumwa tiyi. Ndinawawerengera zimene alemba a Nangozo ndi zimene mwalemba inu amayi, dzina lanu sindinatchule. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ndiye ukanafa osandiuza? Akuti Lolemba apempha kuntchito tipite limodzi. Za milungu inayi sanayankhe kanthu, akuti akamve okha kwa adokotala. Chimene chikundivuta pano ndi manyazi, anamwino aja ndikawayang'ana bwanji poti ndinawathawa, buku langa lili m'manja mwawo.

Nangozo (namwino): Mabuku a amayi othawa timawasunga mu kabati, ndipo mwini wake akatulukira timayamika Mulungu. Simuli woyamba. Mukangoti ndabwera, ndine uja wa Lachiwiri. Mwina akuonaninso ndi viniga asanayambe, musadabwe. Mudye kaye musananyamuke, mutenge chitenje china ndi thewera.

Mayi Wapampando: Benchi yanu ya kumsika Lolemba ndikhalapo ine mpaka mubwere. Mungondiuza mitengo ya tomato ndi anyezi.

NaPhiri: Mulu waung'ono 500, waukulu 1,000. Anyezi ndikuuzani Lamulungu kutchalitchi, ndikaona mmene ndipikulire mawa.